Musiyeni mwana wamasiye awerenge lamulo pa foni yake

Masabata apitawa pa wailesi ina ya muno mu Chipata panali mtsutso womwe unandikhazika pansi mpaka nsima inazizira m'mbale. Funso linali lakuti, kodi n'koyenera kuti munthu wamba, yemwe sanapondeko m'kalasi ya zamalamulo, azifufuza yekha malamulo pa intaneti kenaka n'kukaima nawo kukhoti kapena pamsonkhano wa banja? Oimba foni ambiri anakana. Bambo wina wa ku Kapata anati mafoni asandutsa aliyense loya. Mayi wina anadandaula kuti ana a masiku ano akutsutsa akuluakulu pamaliro ndi zinthu zomwe aona pa Google. Wina, yemwe anati amagwira ntchito pafupi ndi makhoti, anachenjeza kuti makina oyankha mafunso pa intaneti monga ChatGPT amapeka milandu yomwe kulibe. Ine ndili mbali inayo, ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti pasakhale kukaikira: munthu wamba awerenge lamulo pa foni yake, ndipo boma, makhoti ndi maloya amuthandize kupeza lamulo lenileni, la dziko lino, lomwe likugwira ntchito chaka chino, m'chilankhulo chomwe amalankhula kunyumba. Zoopsa zomwe anthu anatchula zilipodi, koma zonse zimachepa lamulo likaikidwa poyera, ndipo zimakula likabisidwa.

Ndikulankhula izi chifukwa cha zomwe ndinaona ndi maso anga chaka chatha kumudzi wina m'boma la Katete, titaika mlamu wanga. Malemuyo ankayendetsa minibasi pakati pa Chipata ndi Katete. Anasiya mkazi, ana atatu, nyumba ya njerwa zootcha muno m'tauni, minibasi yomwe anali atangomaliza kulipira, ndi munda kumudzi. Sanalembe wilo, monga ambiri a ife sitinalembe. Tsiku lometa tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, amayi pa mphasa chapatali. Atsibweni a malemu anayamba kugawa ndi pakamwa: minibasi ipite kwa mwana wa mlongo wa malemuyo, nyumba aziyang'anira mng'ono wake, mkazi atenge ziwiya ndi zovala abwerere kwawo. Palibe anatsutsa. Wamasiyeyo anangoweramitsa mutu, chitenje chili kumaso. Ndiye mwana wake woyamba, mtsikana wa giredi 11, ananyamuka pa mphasa nafika chogwada pamaso pa akuluakulu, foni yosweka galasi ili m'manja. Anati, “Agogo, pepani, ndine mwana, koma ndiloleni ndikuwerengereni pang'ono.” Anawerenga m'Chingerezi mawu akunjenjemera, n'kumamasulira yekha mzere ndi mzere. Atsibweni anafunsa kuti, “Iwe mwana, zimenezo walemba ndani?” Iye anati, “Ndi boma, agogo. Linalemba mu 1989.”

Chomwe anawerengacho ndi Intestate Succession Act, lamulo logawira chuma cha munthu yemwe wamwalira osasiya wilo. Limati pa magawo 100 alionse a chumacho, 50 ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ndi a makolo a malemu, ndipo 10 ndi a ena omwe ankadalira malemuyo. Limatinso nyumba ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye akhalemo mpaka atamwalira kapena atakwatiwanso. Lamuloli lakhalapo zaka zoposa 30. Linakhazikitsidwa amayi a mtsikanayu akadali mwana. Komabe pa anthu tonse tinali pansi pa mango paja, ndi ine ndemwe, panalibe ndi mmodzi yemwe analionapo ndi maso. Tinkangomva zoti boma limaletsa kulanda katundu wa amasiye, basi, ndipo mawu ongomva m'makutu salimba pamaso pa atsibweni.

Apa ndi pomwe pagona mfundo yanga yaikulu. Gawo 7 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limati kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu ku mlandu. Ngati dziko likundiuza choncho, ndiye kuti lili ndi ngongole kwa ine yoti lindionetse lamulolo. Kwa zaka zambiri ngongole imeneyi sinabwezedwe. Malamulo amasindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera kuno, m'Chingerezi cholimba chomwe ngakhale mphunzitsi wa sekondale amakanda nacho mutu. Zigamulo za makhoti akuluakulu zinkakhala m'mabuku okhuthala omwe munthu wa ku Vubwi kapena ku Chadiza sakanawaona mpaka kufa. Lero zinthu zasinthako. Malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo amapezeka pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo tsamba lina lotchedwa ZambiaLII limaika zigamulo za makhoti akuluakulu kuti aliyense awerenge osalipira kanthu kupatula bandulo. Kwa nthawi yoyamba, ngongole ija yayamba kubwezedwa pang'ono. Choncho ndikamva munthu akunena kuti anthu wamba asiye kufufuza malamulo, ndimamva ngati akuti wokongozayo asalandire ndalama yake chifukwa angaiwononge.

Tsopano titenge zomwe otsutsa akunena, kuyambira ndi nkhani ya makina opeka milandu. Imeneyi si mphekesera ayi. Mu 2023 ku New York, pa mlandu wa munthu wina ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya anatchula milandu yakale pofuna kulimbitsa mfundo zawo, koma zinapezeka kuti milanduyo sinachitikepo n'komwe. Anaitenga kwa ChatGPT, yomwe inapeka maina, zaka ndi mawu a oweruza. Khoti linawalipiritsa madola 5,000. Kumayambiriro kwa 2025 zofananazo zinachitika ku High Court ya ku Pietermaritzburg ku South Africa, komwe woweruza anafufuza milandu yomwe anapatsidwa napeza kuti yambiri kulibe, ndipo anatumiza nkhaniyo ku bungwe loona khalidwe la maloya. Otsutsa akuti, ngati maloya ophunzira anagwa m'mbuna imeneyi, nanga mlimi wa fodya wa ku Chipangali? Funsoli ndi lomveka, koma taonani bwino zomwe zinachitikazo. Choyamba, ogwa m'mbunawo anali maloya, kotero kuletsa anthu wamba sikukanateteza khoti lililonse. Chachiwiri, bodzalo linagwidwa chifukwa a mbali inayo ndi oweruza anatha kufufuza m'nkhokwe za zigamulo n'kuona kuti mulibe. Kumene zigamulo zili poyera, bodza la makina limafa tsiku lomwelo; kumene zatsekeredwa m'kabati, lingayende chaka chathunthu. Makina amenewa amalumikiza mawu omwe akuoneka kuti akuyenerana, sakumbukira mlandu mmene kalaliki wa khoti amakumbukirira fayilo yomwe anaigwira ndi manja. Ali ngati munthu wokamba mokoma yemwe wakhala naye mpando umodzi m'basi ya ku Lusaka: angakulozere njira yoona, angakusocheretsenso ndi nkhope yomweyo, ndiye ukatsika umafunsanso kwa eni dera. Chomwe makhoti athu akufunika ndi lamulo losavuta, lakuti aliyense wotchula lamulo kapena chigamulo, kaya ndi loya wa mkanjo kaya ndi mlimi, aonetse pomwe chalembedwa, nambala yake ndi chaka chake, woweruza atsegule aone yekha. Loya wopereka mlandu wopeka alangidwe, pakuti kufufuza ndiyo ntchito yomwe timamulipirira.

Chodandaula chachiwiri chinangotchulidwa modutsa pa wailesi paja, koma ndi chomwe chimandiopsa ine kuposa makina. Intaneti siuza munthu kuti lamulo ili ndi la dziko liti, kapena kuti linasinthidwa liti. Ife a kum'mawa kuno vutoli latikhudza mwapadera. Malire a Mwami ali pakhomo pomwepa, timakwatirana ndi a ku Mchinji, timamvera mawailesi a ku Malawi, ndipo chilankhulo chathu ndi chimodzi. Ukalemba funso m'Chichewa, zambiri zomwe zimabwera ndi za tsidya linalo, chifukwa ndi kumene zolembedwa m'chilankhulochi zachuluka. Koma Malawi ali ndi lamulo lakelake la chuma cha masiye, la 2011, lomwe limagawa mwa njira ina, ndipo silingathandize wamasiye wa ku Katete. Ndiye palinso malamulo akale omwe akungoyendayenda ngati kuti akadali amoyo. Mu Disembala 2022 dziko lino linachotsa chilango cha imfa ndi mlandu wonyoza Pulezidenti, koma makope akale a Penal Code omwe ali ndi zonsezo akadali mbwee. Malamulo a ntchito anasonkhanitsidwa mwatsopano mu 2019, koma wantchito wa m'sitolo angathe kugwira lakale n'kukakangana nalo ndi bwana wake. Kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 usazindikiridwe, ngakhale utakhala wa mwambo, koma kholo lowerenga kope lakale lingaganize kuti mwambo ukulitetezabe.

Zonsezi ndikuvomera. Koma funso n'lakuti, wolakwa ndani? Munthu waludzu akamwa madzi a pachithaphwi, mlandu uli kwa amene sanakonze mjigo. Boma lathu laonetsa kuti likafuna kulemba malamulo okhudza mafoni ndi makompyuta silichedwa. Mu 2021 mokha Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa atatu: la chitetezo ndi milandu ya pa intaneti, loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, ndi la mauthenga ndi malonda oyenda pa makina. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina ena awiri olowa m'malo mwa loyamba lija, ndipo bungwe la maloya la LAZ linawadzudzula kuti akupereka mphamvu zochuluka zolondalonda nzika. Mtsutso umenewo ndi wa tsiku lina. Chomwe ndikuona ine n'chakuti boma limathamanga likafuna kuyang'anira zomwe nzika ikuchita pa foni, ndiye lithamange chimodzimodzi pofikitsa lamulo pa foni ya nzikayo. Pakhale malo amodzi odalirika pomwe lamulo lililonse laikidwa ndi zosintha zake zonse zitalowetsedwa kale mkati, pamwamba palembedwe tsiku lomwe linaunikidwa komaliza. Kuwonjezera apo, malamulo omwe amalowa m'nyumba mwathu, a chuma cha masiye, a ukwati, a ana, a ntchito, a malo ndi a nkhanza za m'banja, amasuliridwe m'zilankhulo 7 zomwe dziko lino limagwiritsa ntchito m'sukulu ndi pa wailesi ya ZNBC. Ena amati mawu a zamalamulo sangatheke m'Chinyanja. Sindikhulupirira. Baibulo lonse, ndi malamulo ake ovuta a nsembe ndi a cholowa, linatuluka m'chilankhulo chino mu 1922, ndipo agogo athu akhala akuliwerenga ndi kukanganirana tanthauzo lake pansi pa mitengo kwa zaka 100. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zomwe boma likusunga linasainidwa mu Disembala 2023. Lingayambire pati kuposa pa malamulo enieniwo?

Nkhani yachitatu ndi ya ulemu ndi mwambo, ndipo imeneyi ndiigwire mosamala chifukwa mayi anaimba foni uja sankalankhula zopanda pake. Msonkhano wa banja ndi womwe wasunga mtendere m'midzi mwathu kuyambira kale. Mwana akaimirira pamaliro ndi foni n'kuyamba kuphunzitsa agogo ake, chinachake chimasweka, ndipo pambuyo pa mlandu anthuwo ayenerabe kutunga madzi pa chitsime chimodzi. Ndiponso atsibweni aja sanali mbala. Ankatsata dongosolo lomwe linali ndi nzeru zake pa nthawi yake. Kwa Achewa ana ndi a mbumba ya amayi awo, ndipo amene ankawasamala ndi kuwasiyira cholowa anali atsibweni awo a iwo eni. Chuma cha bambo chinkabwerera ku mbumba ya alongo ake, kotero aliyense anali ndi pomwe ankadalira. Angoni a Nkosi ya Makosi Mpezeni ali ndi dongosolo lawo lotsata kuchimuna, nalonso linali ndi njira yosungira amasiye. Koma dongosolo limenelo linapangidwa pamene chuma chinali khasu, mbuzi ndi nkhokwe. Nyumba ya mlamu wanga inamangidwa ndi ndalama za anthu awiri, ndipo malata ena anagulidwa ndi phindu la tomato yemwe mkaziyo ankagulitsa ku Saturday Market. Atsibweni a anawo ali ndi ana awoawo ofuna mayunifomu ndi makope, sangalandire atatu ena. Mwambo ukatsatidwa theka lokha, theka lotenga, n'kusiya theka losamala, wasanduka chinthu china chomwe makolo athu sakanachizindikira. N'chifukwa chake ngakhale makhoti aang'ono a Local Court, omwe amaweruza potsata mwambo, amauzidwa kuti atsate mwambo pokhapokha ngati sukutsutsana ndi chilungamo kapena ndi lamulo lolembedwa. Mafumu enieniwo, kuphatikizapo Kalonga Gawa Undi, akhala akudzudzula kukwatiwitsa ana aang'ono, kusonyeza kuti eni mwambo amadziwa kuti mwambo umayenda ndi nthawi.

Ndiponso pali chinthu chomwe otsutsa sachiganizira. Kuwerenga lamulo lenileni kumamuuzanso munthu pomwe ufulu wake wathera. Mtsikana uja atafika pa nkhani ya munda anawerenga yekha kuti lamuloli silikhudza malo a mwambo omwe ali m'manja mwa mfumu, ndipo ananena zimenezo poyera, ngakhale sizinali zokomera amayi ake. Ndinaona nkhope za akuluakulu zikumasuka pamenepo. Anazindikira kuti mwanayo sanabwere kudzawalanda mudzi. Akadakhala kuti anangomva kwa anzake zoti “zonse ndi za mkazi ndi ana”, akadakangana mpaka za munda, ndipo msonkhano ukadatha ndi matemberero. Mikangano yambiri ya pamaliro imayamba ndi lamulo lomvedwa theka, ndipo mankhwala ake ndi lamulo lathunthu lowerengedwa mokweza, mwaulemu, chogwada ngati kuli kofunika.

Ena amati kuwerenga lamulo n'kosiyana ndi kulidziwa, kotero ntchitoyi isiyidwe kwa maloya omwe anaphunzira ku yunivesite n'kudutsa mayeso ovuta a ku ZIALE, sukulu yomwe amapita asanaloledwe kugwira ntchito ya uloya. Kusiyanako kulipodi. Munthu angawerenge gawo limodzi osadziwa kuti khoti linalimasulira mwa njira ina, kapena kuti nthawi yodandaulira inadutsa kale. Mlandu waukulu, wa malo a pepala kapena woti munthu angamangidwe nawo, umafuna loya. Koma tiyeni tinene zoona za kuno kwathu. Maloya ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo malipiro awo mlimi wa nyemba za soya sangawafikire. Choposa apo, milandu yambiri ya anthu wamba, ya ukwati, ya ngongole, ya chigololo, imakambidwa ku Local Court, komwe lamulo sililola maloya kuimira anthu pa milandu yotere. Munthu amaima yekha. Ndiye tikamuuza kuti asawerenge chifukwa si loya, pamene loyayo saloledwa kulowa naye, tikumuuza kuti alowe m'khoti chimanjamanja. Lamulo la 2021 la thandizo la zamalamulo linazindikira maparalego, anthu ophunzitsidwa kulangiza anzawo m'madera pa nkhani zing'onozing'ono, ndipo amenewa ndi omwe akufunika kwambiri nkhokwe yodalirika ya pa foni. Ngakhale loya wachinyamata yemwe watsegula ofesi ya chipinda chimodzi muno m'tauni, wopanda laibulale, tsopano angathe kuwerenga chigamulo chomwe mnzake wa ku kampani yaikulu ya ku Lusaka akuwerenga. Ndipo munthu yemwe wawerengako amafika kwa loya kapena ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, ndi funso lolunjika ndi mapepala oyenera, osataya tsiku lonse akulongosola za agogo a agogo ake.

Chomaliza chomwe ndinamva n'chakuti zonsezi ndi za anthu a m'tauni, chifukwa kumudzi netiweki ndi ya pa chulu, bandulo ndi yodula, ndipo ambiri ali ndi timafoni ta mabatani. N'zoona, koma sichifukwa choletsera omwe angathe. Anthu omwewo amalandira ndalama pa Airtel Money ndi MTN, ndipo pamudzi sipasowa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena mwana wa sekondale wokhala ndi foni yaikulu. Foni imodzi inakwanira anthu onse pansi pa mango paja. Lamulo likamasuliridwa kamodzi, mawailesi a m'dera angaliwerenge madzulo, ndipo lingayende ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp mpaka kwa agogo osadziwa kuwerenga.

Msonkhano wa ku Katete uja sunathe tsiku lomwelo. Atsibweni anati nkhaniyo igone, ndipo anthu anabalalika osayang'anana bwino. Patapita masabata awiri banja linagwirizana kuti wamasiyeyo ndi mng'ono wa malemu apite limodzi kukhoti akatenge kalata yoyang'anira chuma. Nyumba inatsala kwa mayi ndi ana, makolo a malemu amalandira gawo lawo kuchokera ku minibasi, ndipo munda unabwerera kwa eni mudzi. Tisanachoke, atsibweni anaitana mtsikana uja kuseri kwa nkhokwe. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo Chingerezi anasiyira sitandade 4. Anati, “Mdzukulu wanga, undilembere zija m'chilankhulo chathu, anthu amabwera kwa ine ndi nkhani zoterezi.” Mtsikanayo anang'amba mapepala awiri pakati pa kope lake la sayansi, nakhala pa mtondo wogubuduzika, foni pabondo, n'kuyamba kumasulira lamulo la dziko la Zambia ndi bolopeni mpaka dzuwa linalowa.